Chingerezi cha Kutsidya kwa Nyamatete

1923 mpaka 1927: Kwa Tsumba

Za ubwana wanga ndidumpha, pakuti munazimva kale pakamwa panga mpaka zinakukolani. Ndiyambira pa ntchito. Inu ana anga mumandidziwa monga mayi amene anapuma uphunzitsi ali ndi imvi, koma simudziwa chifukwa chake ndinakhala zaka khumi ndi chimodzi ndili wothandiza chabe, wopanda chikalata, ndikulamulidwa ndi anyamata amene ena mwa iwo ndinawaphunzitsa ndekha kugwira choko. Iwe Yesaya unandifunsapo kamodzi uli mnyamata, ndipo ndinakuyankha kuti Chingerezi chinandikana. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Lero ndilemba zonse, dzanja lisanayambe kunjenjemera kwambiri.

Ndinafika kwa Tsumba, kumwera kwa Mkaika, ndili mkwatibwi wa mphunzitsi. Ndinali nditakhala zaka zinayi kunyumba ya atsikana ku Mishoni, kumene ndinaphunzira kuwerenga, kulemba, kusoka, ndi Chingerezi pang'ono, chongokwanira kuti dona akakutuma mpeni usabwere ndi tsache. Mwini sukulu anali amuna anga, aYonamu Tembo, ine ndinkathandiza atsikana ndi tiana toyamba kumene. Sukuluyo inali nyumba ya mitengo yomata ndi dothi, ndipo Lamulungu inkasanduka tchalitchi. Mipando inali mitengo yogoneka pa mphanda, belu linali khasu lakutha lopachika pamtengo. Masileti tinali nawo asanu ndi anayi, choncho ana ambiri ankalemba pamchenga ndi chala, ndipo kamvuluvulu akadutsa ntchito ya m'mawa wonse inkapita naye. Choko chikatha tinkakumba dothi loyera kudambo, n'kuliumba ngati zala, n'kuliyanika padenga.

Mwana wathu woyamba, Marita, anamwalira ali ndi miyezi inayi. Anatentha thupi Lachiwiri, Lachisanu tinaika. Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu womvetsera: mwana wa eni akatsokomola kuseri kwa nkhokwe ine ndamva kale, ndayamba kale kuganiza kuti wakhudzana ndi yani. Chakumapeto kwa 1926 aYonamu anati apite kukagwira ntchito kutali ku Walale chaka chimodzi chokha, monga ankachitira amuna ambiri a kuno. Anandisiya ndi pakati pa miyezi iwiri. Kalata inabwera imodzi, ndi bulangete limodzi, kenaka zii, mpaka lero.

Mzungu amene ankayendera masukulu athu tinkamutcha Bwana Mkankha, chifukwa njinga yake ankaikankha kuposa kuikwera. Anandipeza ndili kutsogolo kwa ana, mimba ili uko.

"Mwini sukulu ali kuti?" anafunsa m'Chinyanja chake cholemera lilime.

"Ku Walale, bwana."

"Nanga belu akuimba ndani?"

"Ine."

"Kaundula akulemba ndani?"

"Ine ndemwe."

Anatsegula kaundulayo, anayang'ana tsamba ndi tsamba nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mkazi sagwira sukulu ya m'mudzi, amayi. Koma ndilibe munthu womutuma kuno. Gwirizirani kaye."

Mumvetse chimene sukuluyo inali kwa ine. Nyumba imene ndinkagona inali ya sukulu, munda umene ndinkalima unali wa sukulu. Kwathu, cha ku Vubwi, amayi anali atamwalira, ndipo atsibweni anga anali atalumbira tsiku limene ndinathawa chinamwali n'kupita ku Mishoni kuti ndisadzapondenso pakhomo pawo. Iwe Yesaya unabadwa nyengo yozizira ya 1927, m'nyumba ya sukuluyo, ndipo kunja kwa denga limenelo iwe ndi ine tinalibe pena pobisa mutu.

Epulo mpaka Juni 1928: Mlendo

Pasaka atangopita, Bwana Mkankha anatisonkhanitsa ife aphunzitsi a masukulu asanu oyandikana. Tinakumana kwa Mlangali, kusukulu ya aZakeyu Mbewe, kutsidya kwa kamtsinje ka Nyamatete kuchokera kwa Tsumba. Anatiuza kuti boma tsopano likufuna aphunzitsi a chikalata, kuti kumapeto kwa Ogasiti tonse tikalembe mayeso ku Mishoni, ndipo amene Chingerezi chidzamugwetse sadzagwiranso sukulu, adzangokhala wothandiza pansi pa wina. Mayesowo anali anayi: kuwerenga mokweza, kulemba zimene mzungu akutchula, kumasulira, ndi kulemba kalata. Zonse zidzachokera m'buku limodzi la maphunziro makumi atatu. Anapisa m'thumba n'kutulutsa bukulo, lachikuto chofiira.

"Ndinaitanitsa ambiri," anatero, "koma afika ochepa. Limodzi pa masukulu asanu. Mugawane nokha."

Tinagawana motere: sabata imodzi kwa aMbewe, Loweruka lipite kwa ine, kuchoka kwa ine lipite kwa aSamisoni Banda, kenaka kwa anzathu awiri akutali, n'kubwereranso kwa aMbewe. AMbewe analikulunga m'chikopa cha mbuzi n'kunena kuti, "Ameneyu ndi mlendo. Agona masiku asanu ndi awiri pakhomo pako, um'samale, usam'patse fodya, usam'siye ndi chiswe." Dzina linakhala lomwelo. Tikakumana panjira tinkafunsana kuti Mlendo wagona kuti.

AMbewe anali wamkulu pa ife tonse. Anagwirapo ukalaliki m'sitolo kumwera, Chingerezi chinkangotuluka ngati madzi a m'chiphanda, koma analibe matama. ABanda anali wamng'ono, wochenjera, wa ana anayi obadwa motsatizana ngati mizere ya m'munda, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko. Tsiku lomwelo anandiyang'ana, iwe uli kumsana, n'kunena kuti, "Amayi, sabata yanuyo bwanji mungotigawira ife? Chingerezi n'cha ndevu."

AMbewe sanatukule n'komwe mutu. "Kodi mfumu ya Angerezi ija inafa ine ndili mnyamata, mayi uja, inali ndi ndevu zingati?"

Onse anaseka, aBanda yemwe. Ine sindinaseke. Ndinali kuwerenga masabata m'zala, ndipo ndinapeza kuti Mlendo adzagona kwa ine kanayi kokha mayeso asanafike.

Sabata yanga ikafika sindinkadziwa kuti ndadya kapena ayi. Ndinkatsamiritsa buku pamwala ndikusinja, ndinkalitsegula ndikuyamwitsa, ndikutchingira ndi chigongono kuti usaligwire ndi timanja tako tamalovu. Mapepala olembapo ndinalibe, masileti ankafunika ana Lolemba, ndiye ndinayamba kukopera mawu ovuta pakhoma la m'kati mwa nyumba ndi khala, kuyambira pansi mpaka pamene dzanja linkalekeza. Munali nkhani za zinthu zimene sindinazionepo: chombo chachikulu panyanja, madzi ouma ogwa kumwamba ngati ufa, nyumba yaitali yokhala ndi nyali pamwamba yochenjeza amalinyero. Ndinkaloweza osadziwa ngati n'zoona. Mlendo atagona kwa ine kawiri ndinali nditafika phunziro la khumi ndi chinayi, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti mwina, Mulungu akalola, ndidzakhoza.

Julaye 1928: Nthomba

Nthomba inalowa kwa Mlangali ndi munthu wobwera kuchokera ku mafamu a fodya, sabata yomwe Mlendo anali m'manja mwa aMbewe. Akuluakulu a kwa Tsumba anadula minga n'kutseka njira yopita kutsidya. Munthu wa boma anabwera ndi kabokosi kudzatemera ana pamkono. Kwa ena panatupa, kwa iwe panangouma ngati wakandidwa ndi udzu. Mayi wina wachikulire woyandikana nane, anaNgozo, amene nkhope yawo yonse inali mabowomabowo chifukwa nthomba inawagwira ali mtsikana n'kuwasiya, anayang'ana mkono wako n'kupukusa mutu. "Sanagwire mankhwalawa, mwana wanga. Um'sunge." Ndinatseka sukulu masiku atatu, ndinakutsekera m'nyumba, ndinkakuvula m'mawa ndi masana n'kukuyang'ana kumimba, kumsana, m'khwapa, kuseri kwa makutu. Kachiphuphu ka udzudzu kankandiimitsa mtima.

Tsiku lachinayi amayi otunga madzi anadzandiuza kuti aphunzitsi a kutsidya aima pamtsinje, akuitana dzina langa. Ndinakusiya ndi anaNgozo n'kuthamangira kumeneko. Nyamatete nyengo imeneyo amakhala mchenga wokhawokha ndi kamadzi koyenda pakati, koma magombe ake ndi otalikirana, mpata woti mwamuna wamphamvu ndiye angaponye mwala n'kufika. AMbewe anali ataima kutsidya, buku lili m'manja.

"AnaPhiri!" anafuula. "Mlendo watsekeredwa kuno! Koma mawu alibe mwendo woti minga iwabaye! Mawa mubwere ndi sileti!"

Ndi mmene tinayambira. Tsiku ndi tsiku ana akaweruka, ndinkakupereka kwa anaNgozo, n'kutsikira kumtsinje. Ndikafika ndinkatapa fumbi n'kuliwaza m'mwamba kuti ndione kumene mphepo ikulowera, ndipo ikamachokera kutsidya ndinkasunthira kumtunda mpaka itandilambalala. AMbewe ankawerenga chiganizo chimodzi mokweza, ine n'kubwereza, n'kuchilemba, n'kuwatchulira malembo limodzilimodzi, iwo n'kufuula pamene ndalakwitsa. Kenaka ankandifunsa tanthauzo. Amayi otunga madzi ankaima ndi mitsuko pamutu n'kumati, "Taonani aphunzitsi akulalatirana m'Chizungu! Walakwa ndani kodi?" Ndikabwerera ndinkasamba ndi phulusa kuseri kwa nyumba ndisanakugwire, ngakhale sindinakhudze kanthu koma mawu okha. Motero tinayenda kuchokera phunziro la khumi ndi chisanu mpaka la khumi ndi chisanu ndi chinayi.

Kenaka masiku atatu sanabwere. Tinamva kuti mwana wawo wamkazi, Rute, wazaka zisanu ndi chimodzi, wapita. Tsiku lachinayi ndinawapeza ataima pamalo pawo pomwe paja.

"Pepani, aphunzitsi!" ndinafuula. Chipepeso si mawu ofuula, koma nanga ndikanatani?

"Zikomo, anaPhiri. Tinalekeza pati?"

"Lero tisawerenge!"

"Ndikakhala m'nyumba ndiona amake akulira chopanda mawu, poti maliro a nthomba saliridwa. Tinalekeza pati?"

Tinawerenga. Titatha anakhala pamchenga, n'kuyamba kulankhula, osafuula kwambiri, koma mphepo inali itagona ndipo ndinamva zonse. "Ankakonda chithunzi cha chombo. Masiku ake otsiriza sankafuna phala, sankafuna madzi, ankangoti ndim'patse Mlendo. Anagona naye pamphasa, atam'tsegula, atam'sanjika patsaya." Ndikuuzeni zoona, ana anga, ngakhale zikundichititsa manyazi. Munthu ankandiuza za imfa ya mwana wake, koma chimene ine ndinamva ndi tsaya lija, lodzaza matuza, lili pa tsamba la buku limene linkayenera kubwera m'nyumba mwanga.

Tinafika phunziro la makumi awiri ndi chiwiri. Lachisanu lina anabwera atafunda nsalu kumutu dzuwa lili phwee, akutsamira ndodo. Anawerenga ziganizo zitatu, mawu akusasa, n'kukhala pansi. "Mutu ukundilemera, anaPhiri. Mawa ndi Loweruka. Ndidzaika Mlendo pamwala wa pakati paja. Maphunziro asanu ndi atatu otsalawo muwamalize nokha, muli ndi mutu wabwino inu. Musalole sukulu ikuchokeni."

Loweruka m'mawa aBanda anatulukira kwa Tsumba, atayenda kuyambira mbandakucha. Anali atamva kale, kaya kwa yani.

"Ndamva kuti Mlendo atuluka lero," anatero atakhala pampando. "Ngati inu mukuopa, sabata isapite pachabe. Ndim'tenga ndine."

"Mwana wodwala anagona nalo, aphunzitsi. Analisanjika pankhope."

"Kodi nthomba imadziwa kuwerenga? Ndikalipukuta ndi phulusa, basi."

"Muli ndi ana anayi."

"N'chifukwa chake ndikufuna chikalata, amayi. Anawo adya mantha anu?"

Anati akayambe wapereka moni kwa mkulu wa mpingo, adye, dzuwa likapendeka atsikire kumtsinje. Atangopotoloka ndinakupereka kwa anaNgozo. Ndinatenga nsungwi yaitali yothyolera zipatso, ndinatenga chikuni cha moto, koma sindinadziuze chifukwa chake ndachitenga. Mumtima ndinkati ndikungokaona.

Linalipo, pamwala wafulati wa pakati pa madzi, m'chikopa chake chija, atalitsindika ndi kamwala. Ndinaima n'kumaliyang'ana. Masabata asanu anali atatsala, maphunziro asanu ndi atatu, ndipo ndinkadziwa kuti ndikaligwira ndikhoza, ndinkadziwa ndithu. Ndinayamba kudzinyengerera: ndilisunga m'nkhokwe, ndiziwerengera kumunda, ndizitsegula ndi kamtengo, ndizisamba kawiri. Ndinalowa m'madzi mpaka m'zala za kumapazi, mpaka m'akakolo. Pamenepo mkaka unatsika wokha, unanyowetsa nsalu yanga pachifuwa, monga umachitira mwana akalira, chonsecho iwe unali kutali, sindikanakumva. Ndinabwerera kumchenga. Ndinaganiza zongolisiya, koma kulisiya kunali kulipereka kwa aBanda, ndipo kuchoka kwa aBanda likanapita kwa wina, kenaka kwa wina, nyumba ndi nyumba, monga tinapangana.

Ndinazula udzu wouma wa pagombe, ndinaumanga mitolo, n'kumaukankhira pamwalapo ndi nsungwi mpaka buku linabisika. Mtolo wotsiriza ndinauyatsa. Chikopa chinanunkha n'kukhwinyata. Koma buku silipsa ngati udzu, limapsa m'mphepete mokha, pakati n'kukhala lamoyo, ndiye ndinayenera kulitsegula ndi nsonga ya nsungwi kuti moto ulowe. Masamba a kumapeto, amene sindinawaonepo, anatseguka limodzilimodzi pamaso panga, ndipo ndinadzipeza nditasolola khosi, ndikuyesa kuwawerenga pamene ankada ndi moto.

ABanda anandipeza utsi usanathe. Anayang'ana pamwala, anayang'ana nsungwi ili m'manja mwanga.

"Mayi inu! Mwatani?"

Ndinagoneka nsungwiyo pamchenga.

"Mwatentha zikalata za anthu asanu! Lanu bukuli? Munafunsa yani?"

Panalibe amene ndinam'funsa, ndipo anali kunena zoona. Kutsidya kunaima mayi wina, ndikhulupirira anali akazi awo a aMbewe. Anayang'ana utsi, anandiyang'ana ine, n'kubwerera. AMbewe anamwalira patapita masiku asanu ndi anayi. Kaya anawauza zimene ndinachita ndi mphatso yawo, sindinadziwe, ndipo sindinalimbe mtima kufunsa.

Ogasiti 1928: Ku Mishoni

Nthomba sinaoloke Nyamatete chaka chimenecho. Njira zitatsegulidwa ndinanyamuka ulendo wa masiku awiri kupita ku Mishoni, iwe kumsana, anaNgozo pambuyo atasenza kamba. Nkhani inali itafika kale. Aphunzitsi ankaloza ndi milomo ndikamadutsa, ndipo mmodzi wa anzathu awiri akutali aja anakana moni wanga. Bwana Mkankha anandiitanira pakhonde pake mayeso asanayambe.

"N'zoona kuti munatentha buku la Mishoni?"

"N'zoona, bwana."

"Mwadala?"

"Mwadala."

Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Ndinam'fotokozera za Rute, za tsaya, za aBanda. Anamvetsera akugogoda tebulo ndi chala.

"Mukanaliyanika padzuwa," anatero.

"Masiku angati, bwana?"

Analeka kugogoda tebulo, ine n'kupitiriza.

"Mukandiuza masiku ake, ndivomera kuti ndinalakwa. Asanu? Khumi? Tsamba lililonse palokha, kapena lonse pamodzi?"

Pomaliza anati sadziwa. Anali munthu wokwiya msanga koma sankanama. "Sindikuchotsani pa mayeso," anatero, "koma sindingawafewetse chifukwa cha inu. Amene akuyesa ndi munthu wa boma, si ine."

Kulemba zotchulidwa kunandiyendera bwino, poti makutu anga anali atazolowera kutola Chingerezi chouluka pamwamba pa mtsinje. Kalata ndinalemba. Koma powerenga mokweza ankatiitana mmodzimmodzi, ndipo mzungu wa boma anatsegula buku lake pafupi ndi kumapeto n'kuloza ndi pensulo. Linali phunziro la makumi awiri ndi chisanu ndi chimodzi. Ndinayamba, ndinapunthwa pa liwu lachitatu, ndinadzuka, ndinapunthwanso. Panja pansi pa mtengo iwe unayamba kulira, ndipo ndinkamva kulira kwako kuposa mawu anga. Anandifunsa kuti ndimasulire zimene ndawerengazo. Ndinadziwa mawu apa ndi apo, ngati munthu wozindikira nkhope ziwiri pamaliro a mudzi wachilendo, koma nkhani yake sindinaigwire. Anatseka buku mwaulemu n'kunena zikomo. Ndinatuluka ndikudziwa.

Okutobala 1928: Kupereka sukulu

Kalata inabwera nyengo yotentha, mitengo itaphuka masamba ofiira. Pa anthu anayi amene tinalemba, awiri anakhoza, awiri tinagwa. Mnzanga amene anagwa nane anasiya uphunzitsi n'kupita kumigodi, ndipo mpaka lero ndimam'senza mumtima, pakuti sabata imene ankaiyembekezera ndine ndinaisandutsa phulusa. Ine anandilembera kuti ndipite kukakhala wothandiza pa sukulu ina cha ku Sinda, kumene anandipatsa kakhumbi kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wamkulu, kopanda munda. Kumeneko ndi kumene unakulira, Yesaya, tikudya cholima m'minda ya eni, ndipo chikalata ndinadzachipeza mu 1939 uli kale ndi zaka khumi ndi ziwiri. Sukulu ya kwa Tsumba, poti inali yokulirapo kuposa yawo, anaipereka kwa aBanda, amene anakhoza bwino kwambiri.

Anafika Lachinayi masana. Ndinali nditasesa nyumba, nditazira pansi, katundu wanga ndi wako atakwana mtolo umodzi ndi dengu. ABanda anali patsogolo, akazi awo pambuyo atasenza mphasa ndi miphika. Ndinawapatsa kaundula, masileti asanu ndi anayi, ndi choko choumba ndekha. Ndinawauza mwana amene samva bwino khutu lamanzere, ndi amene amathawa nyengo ya mbewa. Analandira zonse mwaulemu, analibenso mkwiyo. Wopambana sasunga mkwiyo.

"Amayi," anatero potsiriza, motsitsa mawu kuti akazi awo asamve, "ndikunena ngati mnzanu. Mutu munali nawo. Mantha ndiwo akudyerani sukulu."

Ana awo anali atafika pabwalo, otopa, afumbi m'miyendo, wamkulu atabereka wamng'ono. Anaima pamzere n'kumandiyang'ana. Ine ndinawayang'ananso mmene ndinkakuyang'anira iwe, mmodzimmodzi, pamphumi, m'masaya, m'khosi, m'manja. Onse anayi anali osalala ngati maungu anthete. Kaya bukulo likanawapha, kaya likanangogona m'nyumba mwawo masiku asanu ndi awiri n'kupitirira osavulaza munthu, palibe anandiuzapo. Ndinafunsa anamwino, ndinafunsa dokotala nditakalamba kale, wina anati mwina, wina anati kaya.

"Inde, aphunzitsi," ndinayankha. "Ndi mantha."

Ndinakumanga kumsana, anaNgozo ananditwika dengu, ndipo tinalowa njira ya ku Sinda dzuwa lisanapendeke.